Bedi la Mabawuti

Oda ya bedi la ukwati wa Tamara inalowa m'sisitimu Lachiwiri m'mawa, Tamarayo atakwera kale minibasi ya ku Salima kukagula vanishi ndi sandipepa. Tabuleti anaisiya pa tebulo la mu ofesi monga ankachitira akachoka, ndipo italira, amene anaitola anali mayi ake, Bernadeta.

Ofesiyo sinali ofesi kwenikweni. Inali ngodya ya shopu ya mipando imene Bernadeta ndi mlongo wake wamng'ono, Alick, anasiyiridwa ndi bambo awo, malemu a Kaliati, pa Golomoti m'mbali mwa msewu wa tala. Anangoitchinga ndi pulayiwudi kuti utuchi usalowe m'tabuleti. Alick ndiye ankagwira matabwa. Bernadeta ankagwira anthu: wodzaitanitsa, wodzadandaula, ndi wodzangokhala pa mpando umene sagula. Tamara, mwana wake yekhayo, ankagwira sisitimu.

Sisitimuyo inali pulogalamu yoyendetsera ntchito ya akalipentala opanga zinthu zochita kuitanitsa. Tamara anabwera nayo kuchokera ku Lilongwe kumene anakaphunzira za makompyuta. Munthu akafuna kabati kapena tebulo ankayankha mafunso pa foni yake: kukula kwake, mtundu wa mtengo, nthawi imene akuchifunira. Sisitimu inkadziwa yokha matabwa ofunika, n'kutumiza miyezo yodulira pa foni ya Alick, n'kuika ntchitoyo pa mzere kumbuyo kwa zinzake. Bernadeta sankadana nayo. Kale ankalonjeza anthu awiri tsiku limodzi, wina n'kubwerera kwawo akutukwana. Kale mlombwa unkatha ntchito ili pakati, kabati n'kukhala yopanda zitseko mpaka mvula. Zimenezo zinatha, ndipo panalibe wozilira.

Chimene chinamudzidzimutsa m'mawa umenewo chinali mzere umodzi. Woitanitsa anali Austin Mthunzi, chibwenzi cha Tamara. Bedi la anthu awiri, la mlombwa. Mtundu wake: la mabawuti.

Anawerenganso, chala chili pa galasi. Kenako anatuluka nayo tabuletiyo.

"Alick, zimitsa makinawo."

Makina anazima. Alick anadzikuntha utuchi pa ovolosi.

"Kwagwanji, achemwali?"

"Mkamwini wako waitanitsa bedi."

"Wachita bwino. Ena amangobwera ndi mphasa."

"La mabawuti."

Alick anachotsa pensulo kukhutu n'kuyamba kuisongola, ngakhale inali yosongoka kale.

Kuti mumve chimene chinali m'mawu amenewo, muyenera kudziwa mmene a Kaliati ankapangira bedi la ukwati. Iwo anaphunzira ukalipentala ku Mua, ndipo miyezo ya pakamwa sankailandira. Mnyamata akabwera kudzaitanitsa bedi, ankamufunsa funso limodzi: "Ukukwatira kwa yani?" Kenako ankapita okha kumudzi kwa mkaziyo, kumene mkamwini wamanga nyumba monga mwa mwambo, n'kukayeza chipinda ndi chingwe. Khomo ankaliyezanso, koma mosaonetsera, ngati angotsamirapo. Matabwa ankadulira kushopu n'kuwakweza pa ngolo ali paderapadera. Bedi linkabadwira m'chipinda momwemo. Ku nsonga za matabwa a m'mbali ankasiyako malilime olowa m'mabowo a miyendo, n'kuthira guluu wophika wa zikopa, n'kukhoma zikhomo za mtengo. Likauma linali chinthu chimodzi, ndipo linali lalikulu kuposa khomo.

Palibe ankanena zimenezi. Mnyamata ankangoyamikira kuti bedi lake sililira, siligwedera. Amene ankadziwa anali amayi a m'mudzimo, ndipo ndiwo ankawaphera nkhuku a Kaliati. Banja likatha, mwamuna ankanyamula bulangete, wailesi ndi njinga. Bedi ankaliyesa uku, kuliyesa uku, kuliimiritsa, thukuta kamukamu, kenako n'kulisiya. Nayenso wofuna kunyamula mkazi kupita naye kwawo kapena kutauni ankayamba wazengereza, chifukwa mkazi anali ndi poyambira kukana. Mwana wamkazi ankakhala pakati pa abale ake, ana ake n'kukulira pa dothi la amayi awo.

Bernadeta anakulira pa ngolo imeneyo. Ankaikumbukirabe njira ya kunsi kwa phiri la ku Mua, malambe ataima mbali zonse, ng'ombe zikuyenda mwaulesi m'dzuwa la mu Okutobala, agalu a m'midzi akutsatira chifukwa cha fungo la guluu. Bedi limodzi linkadya tsiku lathunthu. Ankafika, kulonjeredwa, kumwa thobwa, kukhoma, kudya, kudikira guluu agwire, n'kubwerera ndi mango kapena mbatata pamene panali matabwa. A Kaliati ankadziwa chipinda chogona cha nyumba iliyonse kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Sharpevale, ndipo palibe chimene anaulula. Masiku ano makasitomala ambiri Bernadeta sankawaona n'komwe nkhope. Katundu ankakwera lole kupita ku malo ogona alendo a ku Monkey Bay, sisitimu n'kulemba kuti ntchito yatha.

Tamara pokonza sisitimu anafunsa malume ake kuti mabedi alipo a mitundu ingati. Alick, ali kalikiliki ndi ntchito, anayankha kuti iwiri: la mabawuti, lomasuka ndi sipanala, ndi lokhomera m'nyumba. Tamara analemba momwemo. Chinthu chimene a Kaliati anakhala nacho chete moyo wawo wonse chinasanduka funso la pa foni, loti aliyense ayankhe asanapitirire.

Tsono Austin anali atayankha. Mnyamatayu kwawo kunali ku Mtakataka, koma ankagwira ntchito ku Kasungu, yokonza mapampu a madzi oyendera sola. Pa chinkhoswe ankhoswe anamvana kuti adzakhala chikamwini. Anaumba njerwa, anaotcha, anamanga nyumba ya malata kuseri kwa nyumba ya Bernadeta. Anati azidzabwera kumapeto kwa mwezi kufikira atapeza ntchito pafupi. Bernadeta anali atakhazika mtima pansi. Mwana wake sachoka. Koma bedi la mabawuti ndi bedi loyenda, ndipo munthu sagula bedi loyenda ngati alibe kopita nalo.

"Mwina sakudziwa," anatero Alick. "Anyamata a masiku ano amangodina."

"Wa ku Mtakataka asadziwe? Amayi ake mpaka lero amagona pa bedi la abambo."

"Ndiye mufunseni."

"Ndimufunse ine? Mkamwini?"

Alick anaseka, chifukwa zinalidi zosatheka. Chichitikireni chinkhoswe, Austin akaona apongozi ake panjira ankapatukira m'tchire, ndipo moni ankaupereka ali kuseri kwa chitseko.

"Dikirani mwana abwere, mukambirane."

"Mwanayo pano mutu suli pamalo. Akamuuza kuti kumwamba kuli pansi avomera."

Alick anabwezera pensulo kukhutu. Anayang'ana kumsewu, kumene amayi ankathamangira minibasi ndi mabeseni a nsomba zowamba, ndipo analankhula osatembenuka.

"Achemwali, bedi lanu lija linawagwira a Samson?"

Samson anali bambo ake a Tamara. Bernadeta anamuyang'ana mlongo wakeyo mpaka Alick anayamba kufunafuna chinthu m'thumba.

"Silinapangidwe kuti ligwire mwamuna. Mwamuna sagwirika ndi thabwa. Linagwira ine, n'chifukwa chake shopu ino ikadalipo, iwenso uli ndi pogwira ntchito."

Anabwerera mu ofesi. Kusintha oda ankadziwa, Tamara anamuphunzitsa chifukwa cha makasitomala osinthasintha maganizo pa mtundu wa vanishi. Anadina pamene panali mabawuti, n'kusankha lokhomera m'nyumba, n'kusunga. Kunja foni ya Alick inalira m'thumba la ovolosi.

"Sisitimu yati ndisiyeko malilime ku nsonga," anatero Alick ataima pakhomo la ofesi.

"Ndiye panga zimene yanena. Si iwe umati siinama?"

"Ntchitoyi ili kumbuyo kwa madesiki a sukulu."

"Madesiki adikire. Dula lero."

"Mwanayu akabwera mudzayankha nokha. Ine ndidzati ndinali ku chimbudzi."

Komabe anadula. Anasankha matabwa a mlombwa ouma bwino, amene anawabisa kuseri kuyambira tsiku la chinkhoswe, n'kuwapala mpaka anatuluka mizere yofiirira. Malilime sanadulire makina. Anatenga sowo ya pamanja ya a Kaliati, ya chogwirira chomangidwa ndi waya, chifukwa ntchito imeneyi inali isakubweranso kawirikawiri ndipo manja ake anali ataiyewa. Bernadeta anatulutsa mpando n'kukhala pafupi. Alick akaweramira thabwa ankaluma lilime lake la m'kamwa ngati bambo awo, n'kumauzira utuchi pa mzere wa pensulo ngati bambo awo. Fungo la mlombwa wodula kumene linadzaza shopu. Bernadeta anayamba kuganiza za kobwereka ngolo. Pikapu ikanatha kufika pakhomo penipeni, koma bedi la mwana wake ankafuna lipite pa ngolo, ngakhale kamtunda kake kanali kongodutsa msika ndi njanji.

Dzuwa litafika pamutu foni ya Alick inaliranso. Manja anali ndi utuchi, ndiye anaidina ndi chala chaching'ono n'kuiika pa benchi kuti izimveka mokweza.

"Amalume, mwaswera bwanji? Ndine Austin."

Bernadeta anawongoka pa mpando.

"Taswera, mkamwini. Kaya ku Kasungu?"

"Kuno kuli bwino. Pepani ndakusokonezani pa ntchito. Ndalandira uthenga kuti oda yanga yasinthidwa. Ndimati mwina mabawuti asowa kumeneko, ndikhoza kugula kuno n'kutumiza."

Alick anayang'ana mlongo wake. Bernadeta anapukusa mutu mwamphamvu n'kuloza pakamwa.

"Mabawuti alipo," anatero Alick. "Zimenezo ndi za ku ofesi."

"Ku ofesi kuli ndani lero? Tamara paja ali ku Salima."

"Kuli akuluakulu."

Pa foni kunkamveka pampu ikugunda kumbuyo.

"Oho. Chabwino, amalume. Muwapatse moni amayi."

Foni itadulidwa, Alick anatola sowo n'kupitiriza kudula, mapewa akugwedezeka. Bernadeta anali ataiwala. Sisitimu inkauza kasitomala chilichonse: matabwa adulidwa, vanishi wapakidwa, oda yasinthidwa. Ndi iye mwini ankaitamira zimenezo kwa anthu, kuti simudzavutikanso kubwera kudzafunsa.

"Chinthu chopanda chinsinsi ngati kamwana kongophunzira kulankhula," anatero.

"Abambo akanaichotsa ntchito tsiku loyamba," anatero Alick.

Tamara anafika masana dzuwa litapendeka, wakabaza akumutsatira ndi zitini za vanishi. Anapereka moni, anaika katundu m'malo mwake, kenako anapita pa benchi n'kuima. Matabwa awiri aatali anali pamenepo, opalidwa bwino, malilime ali ku nsonga zonse. Anawasisita ndi dzanja. Anali wamtali ngati bambo ake, koma kuuma kwa chibwano anatengera kwa mayi ake.

"Amayi, tilankhulane mu ofesi."

Analowa. Alick, pofuna kuwapatsa ulemu, anayatsa makina opalira kuti asamve. Amayi ndi mwana anayamba kulankhula, koma palibe ankamva mnzake. Bernadeta anasuzumira kunja.

"Zimitsa, iwe. Ukudziwa kale zonse."

Makina anazima.

"Mwasintha oda ya kasitomala," anatero Tamara.

"Ndakonza oda ya mkamwini."

"M'sisitimu mulibe mkamwini, amayi. Muli kasitomala."

"Ndiye sisitimu yakoyo ndi mbuli. Mnyamata uja anagwada pamaso pa ankhoswe kuti adzakhala kuno. Lero akugula bedi loyenda. Akufuna kukuba dzuwa likuswa mtengo, iwe uli maso."

"Si iye anasankha."

Tamara sanadikire funso.

"Tinayankha limodzi mafunso aja, pa foni yake, atabwera Lamlungu. Iye chala chinapita pa lokhomera. Akuti amayi angakhumudwe. Ndine ndinachichotsa n'kudina mabawuti. Wakhala akuzengereza kutumiza mpaka lero. Amakuopani kuposa njoka."

"Iwe?"

"Ine."

"Ukudziwa tanthauzo lake?"

"Ndinakulira m'nyumba mwanu, amayi. Ndikudziwa."

Kunja kunadutsa lole ya makala, shopu yonse n'kunjenjemera. Tamara anadikira phokoso lithe.

"Sindikufuna mwamuna wa kumapeto kwa mwezi, wobwera ndi shuga n'kubwerera ndi zovala zochapa. Sitikuthawa. Ukwati ukatha, ankhoswe ake adzabwera kudzapempha chitengwa mwa dongosolo, amalume ali pomwepo."

"Ine sindinamve kanthu," anatero Alick kuseri kwa pulayiwudi.

"Nanga shopu?" anafunsa Bernadeta. Apa ndiye anali ndi chikhulupiriro. "Ine ndi Alick sisitimu yakoyi sitiitha. Wationa lero. Ukachoka igwa, ndipo shopu igwa nayo."

Tamara anatulutsa foni yake n'kuiika pa tebulo.

"Lero ndili pa depoti ku Salima kwalowa oda ya mabenchi a tchalitchi. Ndayang'ana matabwa amene tili nawo, ndaika pa mzere, ndayankha abusa. Inu simunadziwe n'komwe kuti ndagwira ntchito. Ku Kasungu netiweki iliko, amayi."

Bernadeta anayang'ana kafoniko. Pamene ankamutumiza Tamara ku Lilongwe kukaphunzira, anthu ankamunena kuti akutaya mwana, iye n'kumawaseka. Iye ankati mwana akabwera ndi luso limene shopu singakhale popanda ilo, ndiye kuti wamukhomera pa Golomoti. Sanaganizepo kuti ofesi yonse ingalowe m'thumba la siketi n'kukwera basi.

"Nanga nyumba wamanga ija?"

"Tizigonamo tikabwera. Nthawi yodzala ndizibwera."

"Onse amatero."

"Inde. Mwina nanenso ndidzasintha. Sindikunamizani."

"Bwanji osandiuza pakamwa?"

"Ndinkadikira ukwati udutse."

"Ndiye wasiya makina andiuze."

"Sindinadziwe kuti atumiza lero ine kulibe. Pamenepo ndalakwa, pepani."

Anangopepesa pamenepo basi. Anatola foni yake n'kuibweza m'thumba.

"Matabwa mwadula kale. Ngati mukufuna, likhomereni m'nyumba muja, sindikuletsani. Lidzakhala mmenemo. Ife tikagula la chitsulo ku Kasungu."

"La chitsulo," anatero Bernadeta. "Mdzukulu wa a Kaliati."

"Nanga tigone pansi?"

Bernadeta anadzuka, anamanga bwino chitenje, n'kutuluka. Sanatsanzike. Anadutsa pamsika osayankha moni wa ogulitsa tomato, anaoloka njanji, anafika kunyumba nkhuku zisanalowe. Nyumba yatsopano ya Austin inali kuseri, malata akuwala, mazenera asanaikidwe magalasi. Sanaiyang'ane nthawi yaitali. Analowa m'chipinda chake n'kukhala pa bedi.

Linali la mbawa, lakuda ndi ukalamba. Tsiku limene linakhomedwa ankalikumbukira kuposa tsiku la ukwati wake. Samson anagwada pansi atagwira mwendo wa kumutu, a Kaliati akukhoma zikhomo, guluu akununkha m'nyumba monse. "Gwira zolimba, mkamwini," ankatero a Kaliati, "usadzanene kuti ndinakupangira chogwedera." Samson ankaseka, akuyamika. Amayi a Bernadeta anaima pakhomo atatseka pakamwa ndi chitenje, akuyang'ana khomo n'kuyang'ana bedi. Guluu atagwira, Samson analumphirapo kuti aone ngati lilira. Silinalire. Madzulo ake kunabwera azakhali ndi anansi kudzaliona, aliyense n'kukhalapo pang'ono, ndipo Bernadeta ankadziona ngati mkazi wa mwayi kuposa onse a pa Golomoti.

Tamara akuyamwa, Samson anapeza ntchito ku minda ya nzimbe ku Dwangwa. Anamupempha kuti apite limodzi, kunali nyumba. Bernadeta anati nanga amayi, nanga munda, nanga bedi lino tilisiyira ndani. Samson sanaumirire. Ankabwera kumapeto kwa mwezi, kenako pa Khirisimasi, kenako kunabwera mbiri yoti ali ndi mkazi wa ku Nkhotakota. Sanali munthu woipa, sanalinso wabwino kwambiri. Bernadeta sanamulire nthawi yaitali, panali ntchito. A Kaliati maso anali atayamba kufooka, Alick anali wosakhwima, ndipo shopu inkafuna munthu wa pakamwa polimba.

Nyumba inasintha mozungulira bedilo. Pochotsa udzu kuika malata analifunditsa masaka. Pothira simenti pansi, amisiri analikweza mbali imodzi n'kuthira, kudikira iume, n'kukwezanso mbali inayo, akutukwana amene analipanga. Makoma anapakidwa laimu mobwerezabwereza, koma kuseri kwa kumutu burashi sinkafikako, ndipo kunali kudakali dothi la kale. Bernadeta anadzigwedeza dala. Bedi linangoti zii.

Analiyang'ana mmene ankayang'anira katundu wa shopu ina, wopanda naye chibale. Ntchito yake inali yabwino, palibe angatsutse. Linachita chimene analipangira. Koma linachita chifukwa iye anavomera, ndipo anavomera chifukwa palibe anamufunsa. Tamara anafunsidwa, ndi funso limene analemba yekha, ndipo anayankha. Kupita apita ndithu. Chimene chinatsala m'manja mwa Bernadeta chinali chimodzi: akagonere mlombwa wa kwawo kapena mapaipi owotcherera a pamsika wa ku Kasungu.

Tamara atabwera anaphika, anadya, sanakambenso za nkhaniyo. Anakamba za mtengo wa vanishi ndi za kondakitala amene anakangana ndi mayi wa nkhuku.

M'mawa Alick anapeza shopu yotsekula kale. Bernadeta anali atapana thabwa limodzi pa benchi, sowo ya chogwirira cha waya ili m'manja.

"Achemwali, mukutani?"

"Ukuona."

"Ntchito yanga ya dzulo lonse."

"Ndinakutuma ndine. Malilimewa akachoka, thabwa lifupika?"

"Ayi. Malilime ndi owonjezera. Mukadula pa phewa penipeni, pamene lilime layambira, muyezo ubwerera wa mabawuti."

"Ndiye lemba mzere."

Alick analemba mzere. Anatambasula dzanja kuti alandire sowo, koma Bernadeta sanamupatse. Anali asanadule thabwa chimwalirireni a Kaliati. Sowo inalumpha, inakanda pambali, kenako inagwira. Mlombwa unali wouma ndipo unkakana. Anadula mwakachetechete, thukuta likutsika m'khosi, mpaka lilime linagwa pansi m'utuchi.

Alick anawerama n'kuyang'ana podulapo ndi diso limodzi.

"Mwakhotetsa."

"Upala."

"Abambo akanakukwapulani ndi rula."

"Abambo kulibe. Tembenuza thabwalo."

Tamara anafika lilime lachiwiri likugwa. Anaima pakhomo ndi chikwama chake paphewa. Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana mayi ake, ndipo anayamba kutsegula pakamwa.

"Usandithokoze," anatero Bernadeta osasiya kudula. "Sindinavomere chitengwa. Ankhoswe akewo akabwera adzatuluka thukuta, uwauziretu. Pita ukabwezere oda ija mmene inalili."

Tamara analowa mu ofesi. Posakhalitsa foni ya Alick inalira m'thumba, ndipo onse anadziwa kuti ina yalira ku Kasungu.

"Tamara," anaitana Bernadeta. "Mabawuti ali m'kabatiwo ndi a pamsika, amachita dzimbiri mvula imodzi. Usaike amenewo. Uitanitse oyera aja a ku Lilongwe, aatali."

"Achedwa, amayi. Sisitimu isuntha tsiku."

"Isunthe. Bedi lomasulamasula limadya mabowo. Alick, m'mabowomo uikemo timapaipi ta chitsulo. Anthu a lendi amasamuka chaka ndi chaka."

"Zimenezo m'sisitimu mulibe," anatero Alick.

"Ndiye aziikemo."

Anamasula thabwa loyamba, Alick n'kubweretsa lachiwiri. Mkono unali utayamba kuwawa kuyambira paphewa. Anapukuta manja pa chitenje, anaika mano a sowo pa mzere, n'kuyambanso.